"Ndi msinkhu basi": mawu amene akubisa matenda a chithokomiro mwa amayi athu

Mtsikana akatha msinkhu kwathu ku Ntcheu, sasiyidwa yekha. Azakhali amaitanidwa, anamkungwi amabwera, ndipo amauzidwa zonse: kadzisamalidwe, ulemu, ngakhale zoti asathire mchere m'ndiwo pamene ali kumwezi. Akamalowa m'banja amalangizidwanso. Akatenga pathupi poyamba, amayi akuluakulu amamukhazika pamphasa, ndipo kusikelo nako anamwino amamuphunzitsa mwezi ndi mwezi. Akabereka, malangizo ena amamudikira. Gawo lililonse la moyo wa mkazi lili ndi aphunzitsi ake, kupatula limodzi. Msambo ukayamba kudumphadumpha mpaka kusiyiratu, palibe amene amaitanidwa. Mayi amene walangiza ana a eni ake kwa zaka zambiri amadutsa m'nyengo imeneyi payekha, ndipo akadandaula za m'thupi, yankho limakhala lalifupi: "Ndi msinkhu basi."

Ine ndimaphunzira za chilankhulo ndi chikhalidwe, ndiye ndimakonda kuyang'ana ntchito imene mawu amagwira pakati pa anthu. Mawu oti "ndi msinkhu basi" amatonthoza, komanso amatseka nkhani. Akangonenedwa, palibe amene amafunsanso funso lina. Maganizo anga ndi akuti mawu amenewa akubisa matenda amene ali ndi mankhwala, ndipo ife ana amene tinapita kusukulu, amene tili ndi mafoni ndi intaneti m'manja, tili ndi udindo wotsegulanso nkhaniyi popanda kuphwanya ulemu.

Nthawi zambiri mawuwo amakhala oona. Kusiya kusamba si matenda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati amayi ambiri zimawachitikira ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55, ndipo madokotala amati mayi wasiyadi kusamba pakatha miyezi 12 yotsatizana osaona msambo. Chimene chimachitika n'chakuti timatumba ta mazira, timene kuchipatala amatitcha mabasiketi, timachepetsa kupanga mahomoni, makamaka ya estrogen. Kusinthaku kumayamba zaka zingapo msambo usanathe. Thupi limatentha mwadzidzidzi kuyambira pachifuwa kukwera kumaso, thukuta limanyowetsa zofunda usiku, tulo timavuta, mtima nthawi zina umathamanga, munthu amapsa mtima msanga kapena kumaiwalaiwala. Zonsezi ndi zachilengedwe, ngakhale kuti kwa amayi ena zimakhala zowawa ndithu.

Vuto ndi lakuti m'thupi muli chiwalo china chimene chikasokonekera chimapereka zizindikiro zofanana kwambiri ndi zimenezi. Chiwalocho ndi chithokomiro. Ambirife mawu amenewa timawadziwa ngati dzina la matenda, chotupa chija cha pakhosi chimene tinkachiona kwa agogo ena kumudzi, chimene ankachibisa ndi mpango popita kutchalitchi. Chichewa chathu chinapatsa dzina limodzi chiwalo ndi kutupa kwake, ndiye timaganiza kuti munthu amene khosi lake ndi losalala alibe chithokomiro. Zoona zake n'zakuti aliyense ali nacho. Ndi kachiwalo kooneka ngati gulugufe, kali kutsogolo kwa khosi m'munsi mwa kholingo, ndipo kangathe kudwala popanda kutupa koonekera.

Ntchito yake ndi kupanga mahomoni awiri, T4 ndi T3, amene amalamula liwiro limene thupi limagwirira ntchito: kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kagayidwe ka chakudya, ngakhale kaganizidwe. Kunsi kwa ubongo kuli kachiwalo kena, kakang'ono ngati njere ya nandolo, kamene kamakhala ngati kapitawo wa chithokomiro. Kamatumiza lamulo kudzera mu homoni yotchedwa TSH. Chithokomiro chikachita ulesi, kapitawoyu amakuwa kwambiri ndipo TSH imakwera m'magazi. Chikamagwira ntchito mopitirira muyeso, kapitawoyu amangokhala chete ndipo TSH imatsika. N'chifukwa chake kuyeza TSH m'magazi ndi njira yoyamba yodziwira ngati chithokomiro chili bwino.

Chithokomiro chikafooka, zonse m'thupi zimayenda pang'onopang'ono. Munthu amatopa ngakhale atagona usiku wonse, amamva kuzizira anzake akumva kutentha, amanenepa, amadzimbidwa, khungu limauma, tsitsi limathothoka, amaiwala ndiponso amakhala wokhumudwa, ndipo msambo umatha kuchuluka kapena kusokonekera. Chikathamanga, zonse zimathamanga: kutentha, thukuta, mtima kugunda mofulumira, manja kunjenjemera, kusowa tulo, nkhawa, kuonda ngakhale munthu akudya kwambiri, msambo kuchepa kapena kusowa. Tayerekezani mndandanda umenewu ndi wa kusiya kusamba uja. Onjezaninso mfundo yoti matenda a chithokomiro amagwira akazi kuwirikiza kangapo kuposa amuna, ndipo kufooka kwake kumachuluka munthu akamakula. Zinthu ziwirizi zimakumana pa munthu mmodzi, pa msinkhu umodzi, zitavala zovala zofanana.

Amayi anga ndi mphunzitsi wa kupulayimale. Ali ndi zaka 48 anayamba kugona mazenera ali otsegula m'mwezi wa June, pamene tonse tinkafunda mabulangete awiriawiri. Ankadya mitanda ya nsima kuposa achimwene anga, koma madiresi awo ankangopita kwa atelala kukachepetsedwa. Akamalemba pa bolodi choko chinkanjenjemera, mpaka ana a m'kalasi anayamba kuwaseka kumbali. Munthu wodekha amene ndinamudziwa moyo wanga wonse anayamba kukalipa chifukwa cha kapu imene yaikidwa polakwika. Msambo nawo unali utayamba kudumpha, koma zimenezi ndinazimva pambuyo pake kwa mayi aang'ono, chifukwa mayi sauza mwana wake nkhani zotere.

Inu nonse mukudziwa zimene anthu amanong'ona kuno kwathu munthu wamkulu akaonda msanga. Manong'onong'o aja sanathere pa amayi okha, anakafika mpaka kwa abambo, ndipo m'nyumba mwathu munalowa bata lachilendo limene sindikufuna kudzalionanso. Kuchipatala chaching'ono chapafupi anawayeza malungo, HIV ndi shuga, kenako makhololo poganizira TB. Zonse sizinapezeke. Anawafunsa zaka zawo, nawauza kuti ndi nyengo yosiya kusamba, apumule mokwanira ndipo zitha zokha. Amayi anabwerera kunyumba mtima uli pansi, ndipo nkhani inatsekedwa kwa miyezi yambiri pamene thupi linkapitirira kutha.

Pa holide ina ndinawaperekeza kuchipatala china chifukwa mtima unkawagunda mpaka kulephera kukwera kachitunda ka kusukulu. Dokotala amene tinamupeza sanayambe ndi makina. Anawagwira padzanja n'kuwerenga kugunda kwa mtima, ndipo kunali kupitirira 110 pa mphindi, munthu atangokhala pampando. Anawauza kuti atambasule manja, naika pepala pamwamba pake, ndipo pepalalo linkagwedezeka. Kenako anawapatsa madzi m'kapu. "Mayi, mwani pang'ono, koma musameze mpaka nditakuuzani," anatero, maso ake ali pakhosi pawo. Atameza, kanthu kakang'ono kanakwera n'kutsika, kotupa kamene tonse m'banjamo tinali tisanakaonepo. Anatilembera kalata yokayezetsa magazi mumzinda, ndipo tinalipira. TSH inali yotsika kwambiri, T4 yokwera.

Anawapatsa carbimazole, mankhwala ochepetsa mphamvu ya chithokomiro, pamodzi ndi propranolol wokhazika mtima pansi, n'kuwachenjeza kuti akadzamva zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi adzasiye kumwa carbimazole ndi kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mwa anthu ochepa mankhwalawa amachepetsa asilikali a m'thupi. Patatha milungu ingapo manja anasiya kunjenjemera. Patatha miyezi, madiresi anabwerera kwa atelala kukakulitsidwa. Koma kutentha kuja kobwera mwadzidzidzi usiku sikunathe, chifukwa amayi analidi m'nyengo yosiya kusamba. Amene anati ndi msinkhu sananame. Anangoona chinthu chimodzi pamene zinalipo ziwiri.

Kuchedwa kotereku kuli ndi mtengo. Chithokomiro chothamanga chikasiyidwa chimatha kusokoneza kagundidwe ka mtima, zimene zimabweretsa sitiroko kapena kufooka kwa mtima. Chimadyanso mafupa, ndipo apa mpamene pali ngozi yowirikiza, chifukwa kuchepa kwa estrogen pambuyo posiya kusamba nako kumafooketsa mafupa. Mayi wotere akaterereka popita kumjigo, kugwa kumene mtsikana angadzuke n'kudzisasa fumbi kungathe kumuthyola chiuno. Chithokomiro chofooka chimakweza mafuta oipa m'magazi, ndipo chimasandutsa mayi wolimbikira kukhala munthu amene apongozi ndi anansi amamutcha waulesi. Pali mtengo winanso umene suyezedwa mu labotale: mbiri ya munthu, mtendere wa banja, ntchito imene ingathe kutha.

N'chifukwa chiyani zimatenga nthawi chonchi? Sindikuloza chala anamwino ndi madokotala a m'zipatala zazing'ono, amene munthu mmodzi amaona mzere wa odwala kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Iwo amayamba ndi matenda amene ndi ofala ndiponso amene angathe kuwayeza pomwepo, ndipo n'zomveka. Kuyeza TSH kumafuna labotale yaikulu, ya m'zipatala zikuluzikulu kapena zolipira, kutanthauza thiransipoti, ndalama ndi tsiku lathunthu. Koma palinso nkhani ya mmene timaonera mkazi. Ntchito zaumoyo zokhudza amayi zinamangidwa mozungulira uchembere: sikelo ya apakati, kuchira, sikelo ya ana, kulera. Zimenezi zapulumutsa miyoyo yambiri. Koma mayi akangosiya kubereka, palibenso tsiku lake pa kalendala ya chipatala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene Edzi inali pachimake, Mmalawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zosakwana 50. Lero chiwerengerocho chinadutsa 60. Ndiye kuti amayi ambiri akukhala zaka zochuluka atasiya kusamba, koma kaganizidwe kathu katsalira m'mbuyo.

Nkhani ya chithokomiro siingathe popanda kutchula mchere, ndipo zimandichititsa chidwi kuti mchere womwewo umene mwambo unaulumikiza ndi msambo ndi mdulo ndi umenenso sayansi inaulumikiza ndi khosi la mkazi. Chithokomiro sichingapange mahomoni ake popanda ayodini. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 150 okha patsiku, mayi wapakati 250, koma dothi la madera akumapiri ndi akutali ndi nyanja zamchere limakhala ndi ayodini wochepa, ndiye chimanga ndi masamba omera pamenepo nazonso zimakhala zopanda ayodini wokwanira. Chithokomiro chikamasowa ayodini chimakula pofuna kukola kochepa kamene kalipo, ndiko kutupa kuja. Chinangwa chowawa chimene sichinaviikidwe mokwanira chimawonjezera vutoli, chifukwa chimasiya m'thupi zinthu zotsekereza ayodini kulowa m'chithokomiro. Dziko la Switzerland, nalonso lamapiri ndiponso lopanda gombe, linayamba kuthira ayodini mumchere mu 1922, ndipo matendawa anachepa kwambiri. Kuno kwathu, Ntcheu ndi limodzi mwa maboma amene akatswiri anachitako kafukufuku wa kusowa kwa ayodini pakati pa ana asukulu, ndipo lamulo lokakamiza kuti mchere wogulitsidwa ukhale wa ayodini linabwera m'zaka za m'ma 1990.

Tawerengani zaka. Amayi amene akusiya kusamba masiku ano anabadwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo anakula, ena mpaka kubereka ana oyamba, lamulo limeneli lisanabwere. Chithokomiro chimene chinasowa ayodini kwa nthawi yaitali chimatha kumera timibulu, ndipo patapita zaka timibulu timeneti timatha kuyamba kupanga mahomoni patokha, osamveranso kapitawo uja. Choncho mbadwo wa amayi athu ungathe kunyamula m'khosi zotsatira za kusowa kumene ife sitinakuone.

Koma pasakhale wina wothamangira kukathira mchere wambiri m'ndiwo za amayi ake. Mchere wochuluka umakweza BP, imene ndi mdani wina wa msinkhu womwewu. Chofunika ndi kugula mchere wa m'paketi yolembedwa kuti muli ayodini, ndi kuusunga m'botolo lotseka, kutali ndi moto ndi chinyontho, chifukwa ayodini amauluka. Ndiponso si matenda onse a chithokomiro amene amabwera chifukwa cha chakudya. Ena amayamba chitetezo cha m'thupi chikaukira chithokomiro cha mwini wake. Pali nthenda imene dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, anaifotokoza mu 1912, imene imafooketsa chithokomiro pang'onopang'ono. Palinso imene imadziwika ndi dzina la Robert Graves wa ku Ireland, amene anailemba mu 1835, imene imachithamangitsa ndipo nthawi zina imatong'ola maso. Ziwirizi mchere sungaziletse, ndipo zimakonda kuyenda m'magazi a banja. Ngati amayi anu ali nazo, inu atsikana anzanga muyenera kudziwa.

Wina anganene kuti dziko limene likulimbana ndi malungo, kolera ndi imfa za amayi pobereka lilibe ndalama zoyezera chithokomiro cha mayi aliyense wa zaka 45. Ndikuvomereza, ndipo sindikupempha zimenezo. Amayi ambiri amene akumva kutentha usiku chithokomiro chawo chili bwinobwino. Chimene ndikupempha n'chotchipa: munthu asanauzidwe kuti ndi msinkhu, wina amugwire padzanja, amuyang'ane pakhosi, amufunse za sikelo yake. Zimene anachita dokotala uja zinafuna wotchi, pepala ndi kapu ya madzi. Kuyeza magazi kukhale kwa amene zizindikiro zawo zadutsa malire a kusiya kusamba.

Malire amenewo ife tomwe tingathe kuwaphunzira. Kutentha kwa kusiya kusamba kumabwera ngati funde, mphindi zochepa kenako kumapita, pamene kwa chithokomiro chothamanga kumakhalapo tsiku lonse. Kuonda munthu akudya bwino si chizindikiro cha kusiya kusamba. Mtima wogunda kopitirira 100 pa mphindi munthu atapuma, tsiku ndi tsiku, manja onjenjemera, maso otong'oka, kutupa kulikonse pakhosi, zonsezi zimafuna dokotala. Mbali inayo, mayi amene akumva kuzizira mu October, wotupikana kumaso, mawu asasa, wodzimbidwa ndiponso wotopa nthawi zonse, nayenso ayezedwe. Ndipo pali chinthu china chosakhudza chithokomiro chimene sichiyenera kudikira: mayi amene watha chaka osasamba akaonanso magazi, apite kuchipatala msanga. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo magazi otere asatengedwe ngati msambo wabwerera.

Funso lovuta ndi lakuti tingalankhule bwanji. Mwana sangakhale pansi ndi mayi ake n'kuwafunsa za kumwezi, makamaka mwana wamwamuna, ndipo sindikuona chifukwa chophwanyira mwambo umenewu. Mwambo womwewo unatipatsa njira. Nkhani zovuta kwathu zimadzera kwa wina: mayi aang'ono, mayi aakulu, azakhali, mnzawo wapamtima wa ku Mvano, ku Chigwirizano, ku Dorika kapena ku banki m'khonde. Auzeni amenewo zimene mwawerenga, iwo adziwa pokazitula. Komanso chithokomiro chili ndi ubwino umodzi: chili pakhosi, malo amene alibe manyazi. Mungathe kunena kuti, "Amayi, ndaona kuti manja akukunjenjemerani, tiyeni akakuoneni pakhosi," popanda kutchula chilichonse cha kuchipinda.

Mukawaperekeza, tengani kabuku kawo ka kuchipatala, ndipo lembani papepala zizindikiro zonse ndi nthawi imene zinayamba, chifukwa pamaso pa dokotala amayi athu amakonda kuchepetsa mavuto awo. Funsani mwaulemu kuti, "Adokotala, kodi sichingakhale chithokomiro?" Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Akapezeka ndi chithokomiro chofooka, mankhwala ake ndi levothyroxine, kam'bulu kamodzi m'mawa asanadye, osaphatikiza nthawi imodzi ndi mapilitsi owonjezera magazi kapena olimbitsa mafupa chifukwa amatsekereza mankhwalawa kulowa m'thupi. Ambiri amamwa moyo wawo wonse, ndipo asasiye chifukwa choti akupeza bwino. Muwateteze kwa amalonda a pa Facebook ndi WhatsApp amene akugulitsa mabotolo oti amatsuka mahomoni onse. Ena mwa mabotolowa amakhala ndi ayodini wambiri, amene angathe kuwonjezera moto pa chithokomiro chothamanga kale.

Enanu mudzakhala aphunzitsi, atolankhani, abusa, alangizi, olemba mapulogalamu a pawailesi. Pa 25 May dziko limakumbukira za chithokomiro, ndipo pa 18 October za kusiya kusamba. Masiku amenewa amadutsa mwakachetechete kuno, koma pulogalamu imodzi ya m'Chichewa pa wailesi ya m'dera ingafike kwa amayi ambiri kuposa zikwangwani za m'Chingerezi zopachikidwa m'makoma a chipatala. Anamkungwi nawonso ndi anthu ophunzitsika, ndipo ambiri a iwo ali pa msinkhu womwewu. Amene anakwanitsa kusunga malangizo a namwali kwa mibadwo yonseyi angathe kusunganso malangizo a mayi amene akusiya kusamba, atangopatsidwa mfundo zolondola.

Holide ikubwerayi ambirife tipita kunyumba ndi zovala zakuda ndi nkhani za mayeso, ndipo amene adzatilandire pakhomo, kutiphikira ndi kutifunsa ngati tikudya mokwanira kusukulu ndi mayi wa zaka zapakati pa 45 ndi 55. Iye ndi amene amalipira fizi, amasamala agogo, amalera ana a malemu. Akamakupatsirani kapu ya tiyi, yang'anani dzanja lake. Akamameza, yang'anani pakhosi. Onani ngati akufunda pamene kukutentha kapena akudzikupiza pamene kukuzizira. Mwina simupeza kanthu, ndipo zikatero thokozani. Mukaona china chake, musachoke kunyumba musanalankhule ndi mayi aang'ono.